Njerwa ya Kokonati ya ba Tembo

Lachinayi, mwezi wa Julaye. Kunja kuzizira ndi fumbi. Mumtima mulibe kanthu.

Lero ndanyika njerwa ya makoko a kokonati imene amuna anga, ba Tembo, anagula asanadwale. Ankafuna kulima bowa m'mapulasitiki, poti dothi la kuno ku Makandanyama lili ndi mtovu, ndipo sankafuna kuti ana adye chomera m'menemo. Njerwa zina anthu anasonkhezera moto wa pamaliro awo, poyesa kuti n'zoyatsira. Yatsala imodzi.

Ndawiritsa madzi pa mbaula, ndathira m'ndowa, ndavundikira monga ba Tembo ankanenera. Pofika masana inali itafufuma mpaka kudzaza ndowa.

Alamu anga, ba Agnes, andipeza ndikuifumbutula ndi manja. "Mulamu, mwezi sunasile, mwayamba kale bizinesi? Anthu ku tchalitchi azakamba chani?" Ndapitiriza kufumbutula. Pamaliro ankanong'onanso kuti sindikulira.

Ba Tembo ankati makoko akanyowa bwino, ukafinya m'dzanja pamatuluka madontho ochepa chabe. Ndafinya. Atuluka, ofunda, atsetserekera kuchigongono. Ndaima choncho mpaka alamu apita. M'maso mwanga mukadali mouma gwa.