Mpeni Wozingira Mbuzi ya Idi

Lolemba, 10 Meyi 1993

Sabata yachitatu kuchipala kwa a Lourenco, ndipo ntchito yanga idakali kufukuta mvukuto. Munthu wa zaka 47. Zaka 19 ndinkayeza chimanga pa sikelo kudepoti, osaphonya ngakhale kilo imodzi, lero andiika pa mvukuto wa chikopa cha mbuzi. Ndimapita ndi kope ndi lula. Ndikafunsa kuti mpeniwu ukhale mainchesi angati, amangoti, "Che Jaffalie, yang'anani." Ndiyang'ane chiyani?

Ndikupirira chifukwa mipeni yabwino kuno mpaka ku Chiponde ndi ya bambo ameneyu, chifikireni pothawa nkhondo kwawo ku Mozambique. Komanso pakamwa panga panandipachika. Ndinalonjeza alamu anga Che Zubair, pamaso pa abale, kuti mbuzi ya Idi chaka chino adzazinga ndi mpeni wosula ine. Anaseka. Kwatsala masiku 22.

Lachitatu, 12 Meyi

Lero L. wandipatsa nyundo ndi chidutswa cha sipuling'i ya lole. Ndasula kuyambira 8 mpaka dzuwa paliwombo, pa njanji yomwe amasulirapo iye. Atanyamula chimene ndasulacho anaitana mkazi wake: "Celestina, bwera uone, tapeza chipande." Ine sindinaseke.

Chinthu china sichikundisangalatsa. Mipeni ikatha kusulidwa ndi kupalidwa ndi tupa, amaitenga n'kulowa nayo m'kakhitchini kopanda zenera, iye ndi mai Celestina, n'kutseka chitseko. Muli ng'anjo ina yaing'ono. Ine panja ndimangomva mvukuto, kenako "tswee", kenako utsi wonunkha. Mpeni umatuluka wolimba woti tupa imangoterereka. Ntchito yeniyeni ili m'menemo, ndipo ine amandisiya pabwalo ndi nkhuku.

Lachisanu, 14 Meyi

Titatuluka ku Juma, Che Zubair anandiimitsa pakhomo pa mzikiti, anthu akuvala nsapato.

"Alamu, akuti aphunzitsi anu amaviika mipeni m'mafuta a nkhumba. N'chifukwa chake amatseka chitseko."

Ndinafunsa kuti wanena ndani. Akuti aliyense akudziwa. Akuti mpeni wotero sungafike pakhosi pa mbuzi yawo, bola akazinge ndi wakale wobenthuka uja. Wina anati astaghafirullah ngati ine ndiye ndadya nkhumbayo.

Ndabwera kunyumba mtima ukuwawa. Mkazi wanga Mwanamvua akuti, "Achimwene amenewo musawamvere, nsomba zonse kwawo amatumbula ndi mpeni wa a Lourenco yemweyo." Zoona. Komabe fungo lija si la madzi.

Loweruka, 15 Meyi

Tupa tsiku lonse. Matuza atatu. Sindinafunse.

Lolemba, 17 Meyi

Ndapeza mai Celestina akuyanika makaka ambiri padenga ndi kusoka matumba. Akuti alembetsa zobwerera kwawo, lole inyamuka pa 29. Pa 29! Palibe amene anandiuza. Ndikanangofika tsiku lina n'kupeza phulusa.

Ndinapita kwa L. ndi ulemu wonse. Ndinati masiku atha, mundilowetseko m'khitchinimo. Anatenga mpeni wanga, n'kuuyang'ana ndi diso limodzi kuchokera kumsana, n'kundibwezera. "Wapindika ngati mlamba. Palani." Ndinamuonetsa pa lula kuti mbali zonse n'zofanana. Lulayo sanaiyang'ane n'komwe.

Ndikulemba kuti ndisaiwale: munthu ameneyu akufuna kubwerera nalo luso lake ku Mozambique. Ine anangondipeza wofukuta.

Lachitatu, 19 Meyi

Ndachita zanga. Atatseka chitseko ndinakhala kuseri kwa khoma ndi pensulo, n'kumawerenga mvukuto ya mai Celestina. Mpeni woyamba 140 kenako tswee. Wachiwiri 152. Wachitatu 138. Tingoti 140. Chinsinsi chonse n'chimenechi basi?

Mpeni wanga tsopano wawongoka. Mainchesi 9, msana wosalala. Ngakhale L. anauyang'ana nthawi yaitali osapeza pokhota.

Loweruka, 22 Meyi



L. ndi mkazi wake anapita ku Chiponde za makadi awo a othawa nkhondo. Ndinasonkha moto pa ng'anjo ya pabwalo, masana, poyera, kuti aliyense wodutsa aone kuti palibe chobisa. Ndinatunga madzi oyera a pachitsime m'ndowa yanga yochokera kunyumba. Mafuta aliwonse ayi. Ndinati bismillah, n'kufukuta 140 ndendende. Nditautulutsa, mpeni unali wakuda bii ngati sunaone moto. Ndinawonjezera 60. Unangofiira pang'ono. Ndinawonjezera 40, n'kuuviika.

Unalira "thii" m'madzimo. Mng'alu kuchokera kukamwa mpaka kumsana. Nditaugogoda pa njanji unaduka pawiri ngati mbale yadothi.

Masiku khumi a tupa. Ndawerenganso manambala katatu, sindinalakwitse paliponse.

Lamulungu, 23 Meyi

Sindinatuluke. Mwanamvua wandibisira zidutswazo m'dengu la nandolo kuti ndileke kuzilumikiza.

Lolemba, 24 Meyi

Ndinaika zidutswa ziwirizo pa njanji pamaso pake. Ndinati vuto ndi inu, mumabisa. Ndinanenanso za nkhumba zija, mmene anazinenera Che Zubair. Mai Celestina anasiya kusoka.

L. anatola chidutswa chimodzi n'kuchitembenuza. Kenako anati, "Zaka zisanu ndi chimodzi mukudya nsomba zotumbulidwa ndi mipeni yanga. Nkhumbayo mwaimva lero?"

Anandigwira pamkono, n'kundikokera m'khitchini muja, n'kutseka. Mdima. Anandiika chitini pamphuno. Oilo wakuda wa m'chigayo, amene amataya akasintha mu injini. Fungo limenelo ndimalidziwa, depoti yathu inali pafupi ndi chigayo. Madzi, akuti, amazizira mwaukali, chitsulo cha sipuling'i sichiwapirira.

Kenako anawotcha chidutswa cha mpeni wanga. Mumdimamo chinafiira ngati tomato wakupsa. Anatsegula chitseko n'kuchitulutsa padzuwa: chakuda. Anachibweza m'kati: chofiira. Chomwechomwecho.

"Chitseko ndimatsekera dzuwa, osati inu. Pabwalo paja munachiwotcha mpaka kupsa, maso anu akuti sichinayambe."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji osandiuza kalekale. Akuti, "Munthu amene maso ake ali m'kope ndimuonetsa bwanji mtundu? Makala a lero si a dzulo. Mumawerenga chiyani?"

Ndakwiya nazo. Akanatha kunena ndi pakamwa sabata yoyamba, mawu ochepa chabe. Ndakwiyanso ndi Che Zubair. Za ine ndekha sindilemba.

Wandipatsa chidutswa china cha sipuling'i. Akuti n'chomaliza.

Lachitatu, 26 Meyi

Kusula Lolemba masana ndi dzulo, tupa lero. Kope amandiuza kuti ndilisiye pa mtondo, mai Celestina amaliyikira mwala kuti mbuzi zisadye. Matuza aphulika. Katundu wawo ali kale m'matumba, ine ndikupala pakati pa matumba ngati mlendo wosadziwa nthawi yotsanzika.

Lachisanu, 28 Meyi

M'mawa, Juma isanakwane. M'khitchini atatu: mai Celestina pa mvukuto, L. pakona manja kumbuyo, ine ndi mbaniro. Pakamwa panga panayamba pokha kuwerenga. Ndinafika 30, L. anatsokomola, ndinaleka.

Chitsulo chinayamba kufiira kumsana, kenako mtundu unayenda mpaka kunsonga. Ndinayang'ana L. kuti anene. Anali kuyang'ana denga. Dala. Munthu wouma mtima sindinamuonepo chotere. Ndinadikira pang'ono, ndinaona tomato uja paliponse, ndinauviika. Oilo anayaka, ndinatsala pang'ono kutaya mbaniro.

Tswee, popanda thii.

Tupa inaterereka. L. anangoti, "Eya." Kenako anandionetsa kuufunditsa pa makala ofatsa mpaka utaoneka ngati udzu wouma, kuti usakhale wophweka kuthyoka. Zimenezi wazinena ndi pakamwa, mwina chifukwa mawa akupita.

Loweruka, 29 Meyi

Apita. Njanji yalemera, aisiya. Chitini, mvukuto ndi mbaniro andipatsa. Mai Celestina akuti ndipereke moni kwa alamu anga a nkhumba aja. Ndinayenda kumbuyo kwa lole mpaka pamphambano, sindikudziwa chifukwa chake.

Lolemba, 31 Meyi

Chigwiriro cha mlombwa, misomali itatu ya mkuwa. Ndanola mpaka wameta ubweya wa pamkono. Ndayendetsa chikhadabo kukamwa kwake kasanu, palibe pogwira. Ndayendetsanso kachisanu ndi chimodzi.

Lachiwiri, 1 Juni. Idi.

Titachoka ku swala, mapemphero a Idi, ndinapita kwa Che Zubair mpeni uli m'nsalu, chitini chili pa keliyala ya njinga. Abale onse analipo, mbuzi yomangidwa pa mtengo wa mango.

Che Zubair anautembenuza uku ndi uku. "Wokongola, alamu. Koma unaviikidwa m'chiyani?"

Ndinatsegula chitini n'kuwaika pamphuno, mmene L. anandichitira ine. Anabwerera m'mbuyo akutsokomola, kanzu yoyera itadontheredwa. Mwanamvua anati, "Achimwene, nkhumba yake ndi ya dizilo." Anthu anaseka, iwo ayi. Anautsuka ndi sopo katatu, anayendetsa chikhadabo, anati bismillah Allahu akbar. Kamodzi kokha. Mbuzi sinavutike.

Pepani sanandiuze. Za a Lourenco sanatchule n'komwe, ndipo zimenezo zikundiwawabe. Anangoti posenda chikopa mpeniwu watalika, ndiwasulire wina waufupi. Ndinati ndiona.

Lachinayi, 3 Juni

Njanji ija taikoka anthu anayi mpaka kwathu. Zenera la khitchini yathu ndalitseka ndi chiguduli, Mwanamvua akudandaula kuti aziphikira kuti. Ndinamupempha akhale pa mvukuto tiyese kachitsulo kotsala, ndione ngati maso akukumbukira. Anakhala pansi, n'kufunsa, "Ndifukute kangati?"

Ndinati sindikudziwa, ingoyambani, ndikuuzani.

Kope linali panja, pa mtondo.