Dzanja Limene Sindinakweze

Mwana wanga wokondedwa,

Landira moni wochokera kwa ine atate ako. Uli bwanji kumeneko, iwe ndi mkamwini wanga, ndi kamdzukulu kanga kamene ndimangokaona pachithunzi? Chifuwa chimene unanena kuti chimakugwira nthawi yozizira chinatha? Uzivala zofunda, usamadalire utsikana.

Kuno tilipo. Mayi ako miyendo ikuwavutabe, koma mankhwala a kuchipatala akuwathandiza, ndipo pakamwa pokha ndiye sipanadwalepo. Mlongo wako akupitabe kuntchito. Kushopu ntchito ilipo, makina anga akale aja akulirabe, ndipo Mayi Mabatani akadali pampando wawo wa pawindo, kusoka timabowo ta mabatani monga achitira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ati ndikupatse moni.

Kalatayi ndimupatsira munthu wa m'gulu lanu amene akubwera kumeneko. Zimene ndikufuna kukuuza si zonena pafoni, ndiponso ndikanamva mawu ako ndikanabwerera m'mbuyo. Ndikulemba ndili patebulo lodulira nsalu, Lamlungu masana, shopu nditatseka. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Ukukumbukira tsiku lija unabwera kushopu, kutatsala mlungu umodzi kuti komiti yosankha atsogoleri ikumane. Inu maloya munali mutayenda zaka zinayi, m'makhoti ndi m'misewu, kunena kuti munthu aliyense wamkulu azivota yekha, dziko lisamasankhiridwe mtsogoleri ndi anthu mazana atatu okha. Mapeto ake boma linalola kuti komitiyo ivotere nkhani yanu. Ine ndinali mmodzi wa mazana atatuwo, woimira matelala.

Unakhala pampukutu wa nsalu, chikwama cha mapepala chili pamiyendo. Unati sukundipempha ngati loya, ukundipempha ngati mwana wanga. Unaloza Mayi Mabatani n'kunena kuti manja amene asoka mabatani a masuti a akuluakulu onse a m'tauni muno sanagwirepo pepala lovotera. Unati, “Ababa, dzanja lokha. Mukangokweza basi.”

Ndinakuyankha kuti dzanja si katundu, ndikweza.

Mwana wanga, sindinakweze.

Zaka ziwiri wakhala ukukhulupirira kuti atate ako anali mwa anthu makumi asanu ndi anayi ndi anayi amene anavomereza. Si zoona. Sindinali mwa ovomereza, sindinalinso mwa okana. Ndikuuza mmene zinayendera.

Patapita masiku atatu chibwerere iwe, wapampando wa komiti anabwera kudzayesa suti yake. Anaima pagalasi lalikulu lija, ine nditagwada kumapazi ake, mapini ali kukamwa, ndikupinda thalauza. Anandifunsa za miyendo ya mayi ako, n'kutchula dzina la dokotala amene amawaona. Anafunsa ngati mlongo wako akusangalala ndi ntchito yake ya kuofesi ya boma. Kenaka anaseka n'kunena kuti iwe mwana wanga wamkazi ndiwe wanzeru, kungoti ana a masiku ano amathamanga asanamange nsapato.

Basi. Sananene china chilichonse. Ndayesa kukumbukira mawu amodzi oopseza kuti ndikhale n'chodzikanira, koma palibe. Mantha onsewo ndinawasoka ndekha, pamuyeso wanga.

Tsiku la voti ndinavala suti yanga yotuwa ndi baji ya komiti pachifuwa. Panja pa holo panali anthu anu ndi zikwangwani. Ndinakuona uli pamasitepe ndi mkanjo wako wakuda, pambali pa Loya Wamkulu, mtsogoleri wanu. Unandikwezera dzanja uku ukuseka. Ndinagwedeza mutu n'kulowa.

Atatseka zitseko, anakambirana mmawa wonse. Chakumasana wapampando anati ovomereza akweze manja ndipo asatsitse mpaka alembi atalemba dzina la aliyense. Nditamva zolemba mainazo, ndinayang'ana kukhomo. Asanamalize kuwerenga mawu ovoterawo ndinadzuka, n'kupepesa kwa amene anali pambali panga, n'kutulukira khomo la kumbali.

Ndinapita kuchimbudzi, mwana wanga. Ndinadzitsekera m'kachipinda ka kumapeto n'kukhala pachivundikiro, jekete nditaivula kuti isakwinyike. Taganiza, munthu akugulitsa mwana wake koma akusamala jekete! Mpope unkadontha. Ndinamva mipando ikukhulula pansi, kenaka chete, kenaka kuwomba m'manja. Ndinasamba m'manja ngati munthu amene anali ndi chifukwa chokhalira mmenemo, n'kubwerera.

Mukudziwa nonse kuti nkhani inagwa. Analengeza manambala okha, maina anawabisa. Nditatuluka unandithamangira, maso ali ofiira, n'kundikumbatira pamaso pa anthu. Sunandifunse n'komwe. Unangoti, “Zikomo ababa, inu mwachita mbali yanu.” Ndikanalankhula pomwepo. Ndinakusisita pamsana n'kunena kuti tiyesanso.

Zimene zinatsatira ukuzidziwa kuposa ine: kuguba kuja, kumangidwa kwa Loya Wamkulu, kulandidwa kwa chiphaso chako cha uloya, ndi kuchoka kwako ndi sutikesi imodzi. Nthawi yonseyo ndinkadzitonthoza kuti okana anali ambiri, dzanja langa silikanasintha kanthu. N'zoona, silikanasintha. Koma sunandipemphe kuti ndipambanitse voti. Unandipempha dzanja.

Pali china choipa kuposa mantha, ndipo ichi ndiye chandivuta kulemba. Ndinkaikonda baji ija. Ine amene ndinakula ndikutola zidutswa za nsalu pansi pa tebulo la mwini shopu, ndinafika pokhala pampando wa khushoni, pomwera tiyi ndi eni mafakitale, polonjeredwa ndi apolisi pageti. Mumtima mwanga munali kamawu konena kuti aliyense akayamba kuvota, ine ndidzakhala telala chabe. Ndinkafuna mwana wanga andinyadire, ndinkafunanso mpando wanga. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndavumbwa mpaka mafupa.

Ndiye unayamba kulankhula pawailesi za kumeneko, ndipo anthu kuno amamvera mobisa. Unkati ngati telala wokalamba, wokhala ndi zambiri zoti ataye, anakweza dzanja, ena angalephere bwanji? Anthu anayamba kubwera kushopu. Ena ankabweretsa malaya osang'ambika kuti ndiwasoke, cholinga angondigwira chanza. Maloya achinyamata amene anatsala m'gulu lanu anandipatsa dzina lakuti a Dzanja M'mwamba. Mayi wina wogulitsa pamsika anandiuza kuti mwana wake wamwamuna analowa gulu lanu atamva za ine. Mwanayo anamangidwa miyezi isanu ndi itatu.

Ndinkalandira zonsezo. Ndinkamwetulira, n'kumati palibe chachikulu chimene ndinachita. Mawu okhawo ndiwo anali oona.

Koma mlandu suola. Lolemba lapitali kunabwera mtolankhani wa nyuzipepala ya boma, waulemu wake, n'kuyala pepala pano pamene ndikulembera. Linali ndandanda ya tsiku lija: ovomereza, okana, ndi anthu asanu ndi atatu amene sanapezeke m'holo. Dzina langa linali lachitatu. Anati aitulutsa posachedwa, mutu wake udzakhala wonena kuti loya wa chilungamo amanamiza dziko. Anafuna ndinenepo mawu. Ndinamuuza kuti wonama si loyayo, n'kumutsegulira chitseko.

Madzulo ndinawauza mayi ako. Anali akusita malaya a mlongo wako. Anaimika simbi. Kenaka anati zaka makumi anayi akhala akundipempha kuti ndisamachedwe m'chimbudzi, sankadziwa kuti tsiku lina khalidwe limeneli lidzalowa m'mbiri ya dziko. Ndinayesa kuseka koma iwo sanaseke. Anati ngati ndinachitira miyendo yawo, ndikanawafunsa, chifukwa akanasankha kukwawa kusiyana n'kuti mwana wawo aziima pamaso pa anthu atatsamira bodza. Masiku awiri sanandilankhule.

Lachitatu ndinakwera masitepe a kaofesi kanu kaja ka pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Mafaelo akadali mulumulu pansi, fani ikadali yothyoka. Ndinapeza mnzako wa kusukulu uja, wa magalasi, amene akutsogolera gulu tsopano. Anadumpha kundipatsa mpando. Ndinamuuza kuti asandipatse mpando asanamve.

Nditamaliza, anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati mlandu wanga si wa m'khoti, sangandiimire ndipo sanganditsutse. Anati nyuzipepala ikatulutsa, idzakhala mkondo wolasira iwe, koma ndikanena ndekha udzangokhala ulusi wopanda singano. Loweruka kunali msonkhano wa gulu. Anandifunsa ngati ulendo uno ndingakhale m'holo mpaka kumapeto.

Dzulo ndinapita. Atandiitana kutsogolo anthu anaimirira n'kuwomba m'manja, ena akukuwa dzina lija. Ndinayembekeza mpaka atakhala. Ndinanena zonse monga ndakulembera, za thalauza la wapampando, za chimbudzi, za baji. Ndinati mwana wanga sanadziwe kanthu, ananena zimene atate ake anamulola kukhulupirira.

Kenaka wina kumbuyo anakuwa kuti wachinyengo. Ena anatuluka. Mayi wa pamsika uja anabwera mpaka patsogolo panga. Ndinaganiza kuti andimenya, ndipo ndikanakonda atatero. Anangoti, “Miyezi isanu ndi itatu, abambo,” n'kutembenuka.

Amene anaimirira pambuyo pake ndi Mayi Mabatani. Sindinadziwe kuti anabwera. Iwe ukuwadziwa, munthu amene amatha tsiku lonse osatulutsa mawu khumi. Anati iwo anadziwa kuyambira tsiku lomwelo, chifukwa nditabwerera kushopu ndinadula mkono wa jekete mopotoka, chinthu chimene sanachionepo. Anati sanandide, poti mantha ali ndi aliyense. Kenaka anatembenukira kwa anthu n'kunena kuti, “Abwana angawa ndi munthu wabwino. Ndiye taonani zimene zimachitika ukabwereka dzanja la munthu wabwino. Ine ndikufuna langa.”

Palibe amene anawomba m'manja. Koma anthu amene anali atafika pakhomo anabwerera n'kukhala pansi, ndipo pomaliza msonkhano mzere wolembetsa maina unafika panja. Nanenso ndinaima pamzerewo. Palibe anandilankhula, palibenso anandichotsa. Ndinalemba dzina langa lonse ndi adiresi ya shopu.

Baji ndaiika mu envulopu pamodzi ndi kalata yotula pansi udindo, ndikapereka mawa. Zimene zitsatire sindikuzidziwa. Mlongo wako ndinamuuza ndisanapite kumsonkhano, poti ntchito yake ndiyo ingakhudzidwe. Anakwiya kwambiri, koma anati ndipite.

Ndikudziwa kuti ndalakwanso pouza holo yonse ndisanakuuze iwe. Mwina kalatayi ikupeza utamva kale kwa ena. Nthawi inandithera, koma zaka ziwiri ndinali nazo.

Tsopano pempho langa. Sindikupempha kuti undikhululukire lero, chifukwa chikhululukiro si malaya oti munthu aitanitse tsiku lotenga. Ndikupempha kuti usaleke ntchito yako chifukwa cha ine. Ukapitanso pawailesi, usandibise ndipo usandikometse. Unene kuti atate ako anapatsidwa voti m'malo mwa anthu zikwizikwi, ndipo tsiku lofunika anakaitsekera m'chimbudzi. Ngati manyazi anga angathandize nkhani yanu, atenge, ndi ako. N'chokhacho chimene ndatsala nacho choti ndikupatse.

Ndipo undiyankhe, mwana wanga. Ngakhale mizere iwiri yaukali. Unditukwane monga umachitira ndi mboni zonama m'khoti, ndipirira. Chimene sindingapirire ndi kukhala pano tsiku ndi tsiku, kumva chitseko cha shopu chikutseguka, n'kupeza kuti si kalata yako.

Undiperekere moni kwa mkamwini wanga, umuuze kuti ndikuthokoza posamala mwana wanga. Kamdzukulu kanga ukapsompsone pachipumi. Kakadzakula n'kufunsa za agogo ake, udzakauze zoona zokhazokha. Mayi ako ati akulembera kalata yawoyawo, ndipo sandilola kuiwerenga.

Mulungu akusunge, akupatse mphamvu, ndipo andisunge inenso mpaka tsiku limene tidzaime pamzere umodzi wovotera, iwe kutsogolo, ine kumbuyo kwako.

Ndine atate ako okulakwira,
Telala