Phukusi la Kola Labwezedwa

Serekunda,
Lachiwiri

Okondedwa Baba,

Mtendere ukhale nanu pamodzi ndi onse pakhomopo. Kodi bondo lija likukulolani kufika kumzikiti, kapena mukupempherabe pakhonde? Nanga Amayi chifuwa chija chinatha? Ife kuno Mulungu akutisunga. Mdzukulu wanu Sirra wayamba kuwerenga, moti sakusiya ngakhale zolembedwa pa matumba a mpunga.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundilola kumaliza. Ndikangoti Baba, inu mwayamba kale kuyankha. Iwe Ensa mlongo wanga, amene ukuwawerengera, uwerenge zonse, usadumphe pamene pakuwawa.

Zimene mwamvazo ndi zoona. Ndikupikisana nawo pa mpando wa khansala wa dera lathu, ndipo ndikulimbana ndi khansala wathu wapanoyu, mkulu uja Pa Fodayba Manneh. Sindinaiwale kuti iwo ndi jatiyo wathu, mwininyumba wotilandira kuno. Anakulandirani inu muli mnyamata wopanda ndi mphasa yomwe, ndipo ine nditabwera kudzayamba geni ya nsomba zowamba, ndinakhala m'nyumba mwawo zaka zitatu ngati mwana wawo. Zimenezi ndidzapita nazo kumanda.

Koma Baba, ngalande ya kuseri kwa msika inatsekeka Sirra asanabadwe. Mvula ikagwa timagulitsa titaima m'madzi akuda ofika m'mawondo. Chilimwe chino ndi fungo, ndipo ntchentche zimalawa nsomba zathu ogula asanafike. Galimoto ya zinyalala ya khonsolo imaoneka tsiku lokhalo limene meya akudutsa. Ndapita kwa Pa Fodayba kangapo. Amandithirira tiyi wa ataya, n'kundiuza kuti mwana wanga, Mulungu akalola zitheka. Mulungu analola kalekale, Baba, chimene chikusowa ndi fosholo.

Ndiye amayi a mumsika anandiuza kuti iwe Tida, pakamwa pakopo sipatseka, kapatsegulire ku khonsolo tipindule napo.

Kampeni ikuyenda bwino kuposa m'mene ndimaganizira. Amayi asoketsa nsalu yofanana, ndipo tikatuluka ndi ng'oma msewu umadzaza. Ofuna umeya nawonso atikumbukira mwezi uno. Wina anabwera kudzajambulitsa atanyamula dengu la nsomba zanga, dzanja lina litatsina mphuno. Mba Jonsaba, mtsogoleri wa gulu lathu la amayi, anamuuza kuti abwana, siyani mphunoyo, ife tapuma mpweya umenewu zaka zonsezi ndipo onani kunenepa kwathu. Msika wonse unafa nacho chikhakhali.

Tizovuta sitilephera. Otsatira Pa Fodayba akuuza anthu a lendi kuti povota, ukaponya kamwala kako kagalasi kovotera mu mgolo wa mavoti anga, belu lake lilira mosiyana, ndiye eni nyumba adziwa amene wamuvotera. Mba Jonsaba anawayankha kuti ngati ndi choncho lilire kwambiri, alimve mpaka ku Banjul. Ena akuti ine ndine wobwera, mlendo ndi mame. Ndinawafunsa kuti kodi mame amabereka ana awiri pamalo, n'kumalipira msonkho wa msika tsiku ndi tsiku? Zimenezo sizindisowetsa tulo.

Chimene chandiimitsa mutu ndi ichi. Ndinagula kola wabwino, mtedza uja timaperekera ulemu kwa akuluakulu, woyera ndi wofiira, ndinamukulunga m'masamba, n'kupita naye ndekha kwa Pa Fodayba kukawauza za maganizo anga. Ndimaona ngati kupita ndi miyendo yanga ndiwo ulemu waukulu. Tauni yandipusitsa. Phukusilo sanaligwire n'komwe, ndipo sanalankhule ndi ine. Anatembenukira kwa akazi awo ine ndili chogwada pomwepo, amvekere: “Jankey, mwanayu wabweretsa chiyani? Kola wa mwana sitimasula kuno. Ine ndinalandira bambo ake. Kapena Kebba anamwalira, anthu osatiuza?” Mba Jankey anandibwezera phukusilo pachipata, misozi ili lengelenge.

Kuyambira tsikulo amayi achikulire a m'dera muno akundiyankha moni mozizira. Akuti munthu amene kola wake wabwezedwa alibe kwawo, ndipo wopanda kwawo sangasunge dera. Amenewa ndi anthu ambiri, komanso ndi amene amauza ana awo kovotera.

Lachisanu tinakumana pa mwambo wopatsa khanda dzina. Pa Fodayba anandifunsa pamaso pa anthu onse kuti bambo ako akabwera n'kunena kuti usiye, usiya? Ndinayankha kuti inde, ndisiya. Mba Jonsaba ananditsina pantchafu mpaka pano pali chizindikiro. Akuti chitsiru iwe, wapereka mpeni kwa munthu amene akunola kale wake. Ndinawauza kuti mpeniwo sindinaupereke kwa Pa Fodayba, ndaupereka kwa bambo anga.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani sabata ino isanathe, mutenge kola, mutengenso mlakatuli wa banja lathu, Jali Suso, kuti akakulankhulireni monga mwa mwambo. Mukatsika galimoto musakwere takisi. Muyende pansi kuchokera pamsika, pang'onopang'ono monga bondo lingalolere, motsata ngalande ija mpaka pakhomo pa mnzanuyo. Zimene mukanene phukusi likamasulidwa ndi zanu, ine sindikuikirani mawu m'kamwa. Mukakati ndisiye, ndisiya tsiku lomwelo, ndipo ndidzapita kukawagwadira Pa Fodayba. Koma mawu amenewo mudzabwere mudzawanenenso pamsika, pamaso pa amayi amene amaima m'madzi aja. Ine ndilibe nkhope yokawauzira.

Mantha ndilibe. Ndinu amene munaimirira pabwalo kutsutsa akulu anu enieni pamene ankafuna kumanga khola la ng'ombe pafupi ndi chitsime, madzulo ake n'kukadya nawo m'mbale imodzi. Ine ndinali pomwepo, ndinaona. Sindikudana ndi Pa Fodayba, ndimawakonda, ndipo zikundipweteka kudutsa pachipata chawo osalowa. Ngati mwakwiya ndi khalidwe langali, mufunse kumene ndinalitenga.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti nsomba zawo ndawasungira zonona. Moni kwa amayi aang'ono, kwa azakhali a Nyima ndi ana awo, kwa amalume ku Wuli, ndi kwa alamu anga akazi a Ensa. Bambo a Sirra akupereka moni, akuti chipinda akonza kale. Mutipempherere monga mumachitira.

Ndine mwana wanu, amene mpaka lero sanakaneko mawu anu,

Tida Jawneh