Chithunzi cha Amayi Chilibe Dzina

Wokondedwa mng'ono wanga Ofelia,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Chicago kozizirako. Kuno ku San Antonio tilipo, kungoti maso a Ababa akunka nachita mdima.

Ofelia, mtima wanga ukuwawa. Ukukumbukira makatoni a malemu Amayi amene unakapereka ku yunivesite maliro atatha? Unati kumeneko akasungika bwino kuposa pansi pa bedi, ine osakutsutsa. Komatu munali chithunzi chija, Amayi ali chilili pa lole, chibakera m'mwamba, akutsogolera anzawo pa sitalaka ya kufakitale ya zovala. Ababa anakana china chilichonse pa guwa limene timakonza m'nyumba pa tsiku la akufa, lija mizimu yawo imabwera kudzatichezera. Akuti ndi chokhacho chimene chimaonetsa mkazi amene anamukwatira.

Ndiye ndinapita kukachibwereka. Mtsikana wogwira ntchito kumeneko, waulemu ndithu, anandiveka magolovesi oyera. Ine magolovesi, kuti ndikhudze mayi anga amene ndinkawasambitsa ndi manja omwewa! Anati chithunzicho sichituluka, koma andipatsa kope lake.

Pansi pa kopelo pali mayina a abambo atatu a bungwe la antchito, aja ankatimalizira matamale, chakudya chathu chija cha ufa wa chimanga, kukhitchini kwathu. Pa Amayi analembapo kuti "mayi wosadziwika".

Ndinamuuza kuti awa ndi a Amparo Villarreal, anagona m'chitokosi chifukwa cha sitalaka imeneyi. Anandipepesa, nati wosintha mawuwo ndi amene anapereka katunduyo, ndipo afike yekha. Ndiwe ameneyo.

Kopelo ndinaliika pa guwa, pakati pa maluwa achikasu, buledi wa akufa ndi khofi wawo wa sinamoni uja. Mawuwo ndinawatchinga ndi kandulo. Koma Ababa umawadziwa, anaisuntha kuti ingawotche chithunzi. Anavala magalasi, nawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamawu. Kenako anandifunsa ngati mzimu ungaizindikire nyumba imene akuutchula wosadziwika. Ndinangothawira kubafa kukalira. Tsiku limenelo Ababa sanadye.

Chonde bwera, usadikire Khirisimasi. Sindikukuimba mlandu ayi. Ndikungofuna kuti Ababa awerenge dzina la mkazi wawo maso akadaona.

Mulungu akusunge, mwana wa mayi anga. Undiperekere moni kwa alamu Efraín ndi ana onse. Ababa akuti usaiwale cholembera.

Ndine mkulu wako,
Hortensia