Tabuleti Inazima Ndili M'mwamba

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Sadzi tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Munafunsa ngati munditumizire tabuleti ina kapena GPS ya m'ndege. Tamvani kaye izi. Lachiwiri aphunzitsi anandilola kuulutsa ndege ndekha, ndipo ndinkatsatira mapu pa tabuleti munandipatsa ija. Dzuwa la Okutobala litaiwomba, inatentha n'kuzima. Apo n'kuti utsi wa moto wolusa utaphimba phiri la Zomba. Ndinatsika pang'ono mpaka ndinaona Likangala, mtsinje tinkachapako uja, n'kuutsatira mpaka ndinazindikira pamene ndinali.

Musadziimbe mlandu. Tabuletiyo ndi yabwino ndipo mapu ake amaoneka aakulu, koma kutentha kwa m'ndege siipirira. GPS ili ndi kagalasi kakang'ono, komabe aphunzitsi akuti imapirira dzuwa. Chonde nditumizireni imeneyo.

Tabuleti ndawapatsa amayi, akuonerapo zithunzi za adzukulu awo. Ikazima ali pakhonde, amangoiika pamthunzi. Za Lachiwirizi sindinawauze, inunso musawauze.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike