Kazitape wa pa Foni Wandithawitsira Mnzanga

Aphungu,

Lero ndi Lachinayi, nthawi yangokwana kumene teni koloko m'mawa, ndipo ndakhala pa makina anga osokera ndi pepala m'malo mwa nsalu. Mundikhululukire kalembedwe. Sukulu ndinalekeza ndili m'kalasi yachitatu, koma pakamwa pokha ndinamaliza makalasi onse.

Ndine telala, mayi wamasiye, zaka zanga zapitirira makumi asanu ndi limodzi. Ndimasoka mipango, zipewa zofewa ndi madiresi a ana m'kachipinda koyang'ana kumsewu. Pakhonde pali benchi. Pa benchipo kwa zaka khumi ndi ziwiri pakhala pakukhala mnzanga mmodzi, amene tonse timamutcha Wailesi chifukwa akayamba kulankhula palibe pomuzimitsira. Amuna anga atamwalira, ana atabalalika, ndi Wailesi amene ankabwera masana aliwonse kudzandilowetsera ulusi pa singano, poti maso angawa ayamba ulesi.

Chaka chatha mpongozi wanga, wa muofesi, amene amalankhula ngati akuwerenga, anandipangira webusayiti, ndiye kuti sitolo ya pa intaneti. Zithunzi za zosoka zanga zili pamenepo, munthu amasankha ali kwawo. Sindinakane. Kenako anaikamo kanthu kena. Akuti, "Amayi, aka kazikuuzani amene walowa, chimene wayang'ana, ndi nthawi imene wakhalapo. Amene anagulapo kale n'kusiya nambala tizimudziwa ndi dzina, ndipo akamangoyang'ana osagula, uthenga uzimutsatira wokha." Ine ndinati, "Mwana wanga, kameneko dzina lake ndi kazitape." Iye kuseka. "Ayi amayi, ndi mmene amatsatsira malonda masiku ano."

Ndisaname, Aphungu, kazitapeyo ndinamukonda. Munthu ukakhala wekha tsiku lonse, ngakhale buluzi wa pakhoma umamupatsa moni. Ndikatopa kupalasa makina ndinkatsegula foni kuti ndione alendo anga. Uyu wayang'ana diresi lofiira kanayi, ine ndekha, "Gula iwe, ukuopa chiyani, silikuluma!" Uyu walowa n'kutuluka pompo ngati walakwitsa khomo. Ndinkacheza nawo choncho, eni ake osadziwa.

Mwezi wathawu Wailesi anayamba kujomba pa benchi. Akuti miyendo. Koma pa foni dzina lake linkatuluka tsiku ndi tsiku, poti anagulapo kadiresi ka mdzukulu wake n'kusiya nambala. Ndipo sankayang'ana madiresi ayi. Ankangotsegula tsamba limodzi, la zipewa zofewa zimene ndimasokera anthu amene tsitsi lawo lathothoka ndi mankhwala a khansa. Lolemba katatu. Lachiwiri kasanu. Osagula.

Ine ndi pakamwa pangapa, ndinamuimbira. "Iwe Wailesi, zipewa ukuzisuzumira tsiku lililonsezi n'za ndani? Ukudwala iwe?" Wailesi yemwe uja, wosazimitsikayo, anangofunsa mawu awiri okha, "Wadziwa bwanji?" Ndinamufotokozera zonse, modzitama, ngati ndachita zanzeru. Iye anati, "Ndiye ndi iwe eti. Dzulo pa foni imene timabwerekana ndi mwana wanga wotsiriza pafika uthenga wochokera ku sitolo yako, woti chipewa cha odwala khansa chikundidikira. Wauwerenga ndi iyeyo, ali ndi mayeso a ku koleji sabata ya mawa. Ndimafuna amalize kaye. Iwenso ndimafuna ndikuuze ndekha, pa benchi, ndikapeza mphamvu. Wandilanda ndi zomwezo." Anadula foni.

Papita masabata atatu. Benchi ndimapukuta m'mawa uliwonse, koma amene amakhalapo ndi mphaka wa aneba. Ulusi ndimalimbana nawo ndekha, nthawi zina mpaka tiyi kuzizira. Ndikaimba sayankha. Ndinauza mpongozi kuti achotse kazitape wakeyo, akuti ndikachotsa sitolo ifa chifukwa anthu sagula popanda kuwakumbutsa. Akutinso sindinalakwe, poti aliyense polowa amadina povomera. Povomera pakepo tizilembo take ngati nyerere zakufa, amawerenga ndani?

Ndiye ndikufunseni. Ndichotse, ntchito ya manja anga ife? Nanga mnzangayu ndimuyambe bwanji? Chipewa ndamusokera kale, chabuluu, mtundu umene amaukonda, chili m'kabati. Ndipo inu owerenga, kalatayi muzipatsirana, mwina ingakafike m'manja mwake adziwe kuti kuno ndikulira.

N. T., kuseri kwa msika

Amayi,

Ndiyambe ndi pempho lanu lomaliza, chifukwa ndi limene landiopsa. Mukufuna kalata yonena za matenda a mnzanu iyende m'manja mwa anthu mpaka imupeze. Mukatero mwabwereza zomwe munachita pa foni, ulendo uno pamaso pa dziko lonse. N'chifukwa chake ndasintha zina ndi zina m'kalata yanu ndipo dera lanu ndalichotsa. Kupepesa satuma nyuzipepala.

Munalakwa, ngakhale mtima unali wabwino. Inu ndinu telala, mukudziwa kuti tepi yoyezera imaulula zambiri: amene ali woyembekezera asananene, amene akuwonda mosadziwika bwino. Munayamba mwatuluka nazo pakhonde zimenezo? Sindikukhulupirira. Mwambo womwewo ugwire ntchito pa intaneti. Munthu akadina povomera asanawerenge, sanakupatseni kiyi wa kuchipinda kwake.

Mpongozi wanu mumuuze lero, ndipo musachite kupempha, sitolo ndi yanu. Achotse chotsata anthucho, azimitse mauthenga odzitumiza okha, afufute zonse zimene zinasungidwa zoti wakuti anayang'ana chakuti. Muime pambali pake mpaka amalize. Ngati akufuna kudziwa tsamba limene anthu akulikonda, njira zilipo zongowerenga kuchuluka kwa alendo popanda dzina kapena nambala ya munthu. Nambala ya wogula muzitenga yoperekera katundu basi. Wofuna kumva za zosoka zatsopano alembetse yekha, ndipo akafuna kusiya asavutike. Pamwamba pa tsamba la zipewa mulembe ndi zilembo zikuluzikulu, m'mawu anu omwewa, kuti pano palibe amene akukusuzumirani.

Sindikunamizani, mwina ogula achepa poyamba. Koma munthu wodwala amagula pamene akuona kuti chinsinsi chake chasungika, ndipo amauza anzake pa mzere wa kuchipatala. Kutsatsa kumeneko makina sangakuchitireni.

Mukamaliza zimenezo, tsekani kachipindako mupite kwa mnzanu ndi miyendo yanu, masana, nokha. Chipewa chitsale m'kabati, chifukwa mukapita nacho mukamukumbutsa zomwe munasuzumira. Adzachipempha yekha akafuna. Mukanene mawu ochepa: ndinalakwa, chinthu chija ndachichotsa, ndakusowa. Musakafunse za matenda, ndipo musakayambe mlandu woti cholinga chanu chinali chabwino, akudziwa kale. Mwana wake mukamupepesenso payekha, chifukwa nkhani ya mayi ake anaimva kwa sitolo. Akakubwezani pakhomo mubwerere mwaulemu, mudzapitenso sabata inayo. Wodwala amakwiya, koma amawerenga amene akubwera.

Kusungulumwa kwanu ndakumva, ndipo ndiko kunakukankhirani ku foniyo. Mayina otuluka pa galasi la foni si alendo, amayi. Pezani amayi awiri kapena atatu ofuna kuphunzira kusoka, azibwera masiku ena, muzikangana nawo maso ndi maso.

Chenjezo langa ndi ili: chikhululuko musachiikire tsiku. Mwina chibwera mwezi uno, mwina chichedwa, ndipo nthawi ya munthu amene ali pa mankhwala otere sitiidziwa. Choncho musadikire kuti mtima wanu ukhale kaye pansi, pitani mawa.

Kwa inu owerenga, ngati muli ndi m'bale wogulitsa malonda pa intaneti, mupatseni yankho ili awerenge. Koma ngati mukuganiza kuti mwamuzindikira mayi wodwalayo, pindani nyuzipepalayi, musauze munthu.

Aphungu