Kadzidzi wa pa Denga la a NyaKamanga

Lolemba, 3 Juni 2024

Ndamupeza! Chibwerereni ku Mzuzu ndakhala ndikuzungulira m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina ngati wofuna bowa, kujambula apusi ndi michira ya agologolo othawa, osadziwa kuti chinthu chenicheni chili kuseri kwa mpanda wanga. Kadzidzi woyera nkhope, pa denga la a NyaKamanga, atelala aja ndayandikana nawo. Ndimaanula zovala chakumadzulo, ndinangoona watera pa malata, khoswe ali kukamwa. Zovala ndinazitaya m'matope n'kuthamangira kamera. Anamung'amba khosweyo ine ndikuona, kuyambira kumutu, matumbo lende, magazi akutsetsereka pa lata. Chithunzi chatuluka bwino mochititsa mantha. Ngakhale lata lobiriwira lija, limodzi lokha pakati pa adzimbiri, laoneka ngati lopaka dzulo.

A NyaK anandipeza nditakwera pa ndowa. Mayi amenewa pakamwa ndi lumo. "Imwe a ku Ntcheu, mukujambula vichi pa nyumba yanga?" Nditawaonetsa anaseka mpaka kutsokomola. Akuti m'siling'i muli tiana take, ndipo chibwerere banja limeneli makoswe anasiya kuwadyera nsalu za makasitomala. Kenako nkhope inasintha.

"Chisungeni mu kamera mwanumo, mama. Kuno phululu si mbalame."

Phululu ndiye kadzidzi m'chilankhulo cha kuno. Ndinati yewo, mmene ndaphunzirira kuyankha.

Lachiwiri, 4 Juni

Chithunzi chija ndachiika pa sitetasi ya pa foni. Pepani a NyaK, chithunzi chotere kuchibisa ndi tchimo. Ku ofesi andiyamikira, Selina wa pa desiki yoyandikana nane akuti ndisiye ntchito ya boma ndizingothamangitsa mbalame. Ku Kaning'ina kuno ndani angataye bandulo yake pa sitetasi ya ine mlendo?

Lachinayi, 6 Juni

Mvula yamawawa tsiku lonse, kuzizira kolowa m'mafupa.

Glory, kamwana ka a Hudson a kutsidya kwa msewu, kakudwala. Mayi ake, Eness, anabwera kudzabwereka fulasiki. Akuti thupi likutentha kuyambira Lamulungu, akungomupatsa timapilisi ta pagolosale. Ndawauza apite naye kuchipatala akamuyeze malungo. Akuti abwere kaye anthu a mapemphero.

Potuluka anaima pakhomo. "Madam, mbalame ija ya pa foni yanu, denga lija ndi la uko eti?" Analoza ndi mlomo. Ndinati ndinajambula kunkhalango. Bodza lachibwana, lata lija ndani salidziwa? Ndinaiwala kuti nambala yanga ili pa gulupu ya madzi ya m'dera muno. Sitetasi inafufutika yokha dzulo, ndiye kuti alipo anachisunga. Mtima sukukhala pansi, koma mawa ulendo wokaona nyama zakutchire ku Vwaza ndi Selina, ndipo sindiusiya.

Loweruka, 8 Juni, ku Vwaza

Fumbi, akashembe, netiweki zii. Ndakondwa!

Masana pa nyanja ya Kazuni mvuu ziwiri zamphongo zinagwirana. Sindinaonepo zotere. Zinayasamulirana kukamwa ngati zitseko za galaja, kenako phwaa! Yaikulu inabaya inzake m'nthiti, chikopa chinang'ambika ngati matiresi akale, mafuta oyera poyera. Madzi anafiira. Yogonjayo inathawira kumtunda ikukoka mwendo, inzake osaisiya, kuiluma kumsana, kuiluma, mpaka inagwada m'matope. Zina zonse zinangotulutsa maso m'madzi n'kumaonerera.

Selina anatseka kumaso, akuti "Winifred, tiye, ndisanza." Ine chala chili pa batani mpaka kuwawa. Ndinene zoona, ndinamva kukoma. Ukakhala kuseri kwa lenzi magazi sanunkha.

Lamulungu, 9 Juni

Sinditha kulemba.

Lolemba, 10 Juni

Sindinapite kuntchito. Ndilembe, mwina zichoka m'maso.

Dzulo pobwerera netiweki inabwera tili pafupi ndi Rumphi, foni n'kuyamba kulira ngati yapenga. Glory anamwalira Loweruka m'mawa. Pa gulupu ya madzi panali chithunzi changa, wina atazunguliza lata lobiriwira ndi mzere wofiira. Pansi pake mawu amodzi: fwiti. Ena akuti onani magaziwo, si a khoswe amenewo. Ena akuti amene anajambula ndi munthu wa boma, sanganame.

Ndinalemba kuti ndi mbalame chabe, imadya makoswe, mwana anayamba kudwala ndisanajambule. Palibe anayankha. Ndinaimbira a NyaK kuti atseke nyumba apite kwa mwana wawo ku Chintheche. Makina osokera ndikuwamva akulira. Akuti, "Ndithawe chifukwa cha vichi? Ndili ndi madiresi a ukwati pano. Nyumba ndi yanga iyi." Anadula.

Selina anayendetsa galimoto ngati wakuba. Tinafika anthu akuchokera kumanda, ndipo sanabwerere kusiwa, anakhotera kwa a NyaK. Azimayi omwe aja timagulira limodzi tomato, zitenje zili m'chiuno, miyala m'manja. Anyamata a kabaza. Ngakhale akwaya ena, yunifolomu ili m'thupi. A Hudson patsogolo, maso ofiira, atanyamula mpini wa khasu.

Mawindo anayamba ndiwo. Kenako anyamata anakwera padenga, kukanganula lata lija ndi chitsulo, n'kutulutsa tiana ta kadzidzi, toyera ngati thonje, tikulira mokhala ngati kupuma kwa munthu wa chifuwa. Anthu anakuwa ngati chigoli. Anatiponya pansi n'kutipondaponda ndi nsapato za kumaliro. Kamodzi anakathira petulo kakadali kamoyo.

Chitseko chinathyoka. Anawakoka a NyaK ndi miyendo, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Sanalire, amatukwana, aliyense kumutchula dzina ndi dzina la mayi ake. Mwala woyamba unawapeza pakamwa. Mpini wa a Hudson unatera pa mkono umene anatchinga nawo kumutu, ndipo ndinaumva kuthyoka ndili pa msewu. Makina awo anawaponya panja n'kuwaswa ndi njerwa.

Ine? Kamera inali m'khosi kuchokera ku Vwaza. Ndinaikweza. Sindinaganize n'komwe, manja anangochita zimene anazolowera. Nkhope ndi nkhope, bwinobwino, ngati mvuu zija. Selina ndi amene anaimbira apolisi, ndi amenenso anandimenya khofi kuti, "Munthu akufa uyo!" Apo m'pamene ndinathamanga n'kukawagwera pamwamba. Mwala wina unandipeza paphewa, wina kukhutu. Ndinamva wina akuti, "Musiyeni uyo, ndi amene watithandiza." Mawu amenewo andipweteka kuposa miyala.

Galimoto ya apolisi itatulukira anthu anamwazikana. Magazi a a NyaK anali thoo pa bulauzi yanga. Amanunkha.

Lachiwiri, 11 Juni

Kuchipatala. Ali moyo. Mkono uli mu pulasitala, mano akutsogolo palibe, diso limodzi adokotala akuti tidikire. Mkono wake ndi wamanja, wodulira nsalu.

Ndinagwada pambali pa bedi, ndinati mama ndikhululukireni. Anandiyang'ana ndi diso latsalalo nthawi yaitali. Mawu amatuluka movutika. "Ndinakuuzani chomene." Kenako anafunsa ngati tiana tija tinapulumuka. Ndinapukusa mutu. Anatembenukira kukhoma. Mwana wawo anandiperekeza mpaka pakhomo mwaulemu, n'kundiuza kuti ndisabwerenso.

Ndadzera kupolisi, ndawapatsa zithunzi zonse. Wapolisi amaziyang'ana n'kumati zaoneka bwino kwambiri, ngati ndi za paukwati. Anandifunsa ngati ndili ndi kwina kokagona. Ndinati nyumba ndi yanga ija. Nditatuluka m'pamene ndinazindikira kuti ndayankha ngati ndani.

Lachitatu, 12 Juni

Agwira a Hudson ndi anyamata ena. Pagolosale nditalowa nkhani inaduka. Moni wanga anagwera pansi. Andichotsa pa gulupu ya madzi.

Khutu likulirabe. Glory ndikumuganiza, kamwana kaja kamandikuwira kuti "anti, ndijambuleni!" ndikamadutsa, ine n'kumati mawa. Ndili ndi zithunzi za abuluzi, za achule, chake ndilibe.

Lachinayi, 13 Juni

Mwana wa a NyaK anabwera ndi lole kudzatenga katundu wotsala. Akatuluka m'chipatala apita nawo ku Chintheche. Nyumba yangotsala chigoba, denga lili pululu.

Chakumadzulo ndinatuluka kukaanula thawulo. Ndinamva kukanda pa malata, pamwamba pa mutu wanga. Mayi wa tiana tija. Wazungulira kwawo, wapeza palibe polowa, wabwera kudzatera pa denga langa, khoswe ali kukamwa, akuyang'ana uku ndi uku kufuna woti amupatse. Kuwala kunali kokoma kuposa tsiku lija. Kamera ili m'kabati, sindinaiganize n'komwe. Ndinangonong'ona kuti choka, chonde choka. Ndinatola kamwala, koma dzanja linakana.

Nditatembenuka ndinaona Eness ataima pa geti lawo, duku lakuda kumutu. Sanandiyang'ane ine. Amayang'ana padenga, foni ataikweza ndi manja awiri kuti isagwedezeke.